Timadontho Tofiira

"Alamu, wamata izi ndani?" anafunsa mayi mwini nyumba yoonetsera zithunzi, chikwama chikadali paphewa.

Pansi pa chithunzi chilichonse panali kapepala kofiira kozungulira. Pa ntchito imeneyi kadontho kotere kamatanthauza chinthu chimodzi basi: chithunzi chagulidwa. Koma zithunzizi zinali zitatha milungu itatu pakhoma osagulidwa ngakhale chimodzi.

Mlamu wawo wogulitsa mafoni, amene anamusiyira makiyi m'mawa popita kukazulitsa dzino, anaseka monyadira.

"Ndine, alamu. Munthu amafuna chimene anzake alanda kale. Ine foni ikakhalitsa ndimangoti yatsala imodzi, imapita tsiku lomwelo."

"Nanga zonse zikakhala zogulidwa, wobwerayo agula chiyani? Khoma?"

Funso limeneli mkuluyu anali asanaliganizire. Anangokanda m'mutu.

Kunena zoona zinthu zinali zitavuta. Tsidya lina la msewu anali atatsegula sitolo ya zithunzi zotuluka pamakina, zamaluwa ndi mathithi, ndipo anthu ankapitako khushoni ili m'manja kukafananitsa mtundu ndi mipando yawo. Mayiwa kwa zaka khumi ndi zisanu ankapachika zojambula pamanja zokhazokha, zina zoti mpaka upendeketse mutu kuti uzimvetse, ndipo ankanyadira zimenezo.

Mayiwo asanamatule kapepala ngakhale kamodzi, chitseko chinatseguka. Analowa a Chipewa, eni zithunzizo, amene ankadyera kulemba zikwangwani pa kampani ina, zojambulazi n'kumachita Loweruka. Analowa chovinavina.

"Mayi, ndinadutsa pano m'mawa, ndinasuzumira pawindo! Zonse! Zonse khumi ndi ziwiri!" Misozi inali mbwembwembwe. "Ndapita molunjika kwa abwana. Ndawauza kuti makwerero awo azikwera okha. Ndawauzanso kuti tayi wawo uja amaoneka ngati nsanza yopukutira burashi."

"Mayo ine," anatero mayiwo chapansipansi.

Mlamu uja ananong'oneza mayiwo. "Musawauze lero. Mwina pofika Lachisanu pabwera munthu."

Mayiwo anamva chisoni kwambiri, komanso manyazi. Koma m'nyumba imeneyi kadontho kofiira kanali kasananamizepo munthu.

"A Chipewa, takhalani pansi. Palibe chagulidwa. Awa ndi amene amata, ati kukopa anthu. Ndine wolakwa, ndinasiya makiyi m'manja molakwika."

Anayamba kumatula timapepalato ndi chikhadabo, kamodzikamodzi, a Chipewa akuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Ngakhale cha mayi wonyamula matayala chija?"

"Ngakhale chimenecho, bambo."

"Ha! Ndiye tayi uja ndamutukwanira chabe?"

"Alamu," anatero mayiwo osatembenuka, "pakamwa panu pamagulitsa ndi foni yakufa yomwe. Nyamukani, mukawapepesere kwa abwana awo."

Anapita awiriwo. Mlamu analankhula mpaka thukuta kamukamu. Abwana anati za makwerero akhululuka, koma za tayi ayi, poti anawagulira ndi akazi awo. Ntchito ya a Chipewa inathera pomwepo.

Mayiwo anakana kutsitsa zithunzi za a Chipewa. Anati zikhala pakhoma mwezi wina, agule asagule.

Ganyu yoyamba imene a Chipewa anapeza inali yolemba chikwangwani cha sitolo ya zithunzi zapamakina ija. Anagwira masiku anayi ntchito ya tsiku limodzi, chifukwa akangofika pamwamba pa makwerero ankatembenuka, burashi ikudontha, n'kumayang'ana pawindo la tsidya linalo, pamene panali zithunzi zawo.