Dzino Limene Khoswe Sanalandire

Icilda anavundula msuzi wa mutu wa mbuzi kachisanu, ngakhale msuziwo sunkafuna wouvundula. Miyendo inkangomuyabwa. Akalowa m'nyumba ankatulukanso. Akafika kuseri, kumene amuna ankayeza malo okumba manda a Dikoni Eustace Pinnock, ankabwerera ku mphika. Chomusowetsa mtendere chinali m'thumba la epuloni yake: pepala la ndondomeko ya maliro, loyenera kupita kosindikiza ku Mandeville dzuwa lisanapendeke.

Analilemba ndi Linval, mwana woyamba wa Dikoni, amene anafika dzana kuchokera ku Birmingham, ku Ingalande. Pamzere wa ana panali Linval ndi Beverley basi. Dzina la Icilda analiponya m'munsi, pa “abale ena ndi anansi.”

Linval sananame, ndipo n'zimene zinkapweteka. Icilda anabwera pakhomopo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, amayi ake atapita ku Kingston osabwerako. Dikoni anamupeza pabenchi ya tchalitchi, n'kuuza akazi awo a Vinette kuti awonjezere mbale imodzi. Loweruka lililonse Dikoni ankapukuta okha nsapato za ana atatuwo. Lamlungu ankalawirira kukaimba belu, mvula kaya dzuwa, zaka makumi anayi. Dzanja litawafa ndi matenda, ankawameta ndevu ndi Icilda.

Koma pakhomo pamenepo mwana ankadziwika ndi mtengo wake. Mchombo wa khanda ukagwa, Dikoni ankaukwirira n'kubzalapo mtengo: Linval kokonati, Beverley mango. Mchombo wa Icilda unatsala kosadziwika. Ngakhale dzino lake loyamba litaguluka, iye akufuna kuliponya padenga kuti khoswe amubweretsere latsopano monga ankachitira ana onse, Dikoni anamulanda n'kuliika m'thumba la jekete osanena kanthu. Kamtima ka mwana kanadziyankha kokha: denga ili si lako.

Icilda anaponya chipande n'kupitanso kuseri. Ferdie, mkulu wa okumba, ankathira mowa wa ramu pansi.

“Pepani a Dikoni,” anatero. “Munaukana muli moyo, lero mulawa basi. Nthaka siikumbika pakhosi pouma.”

Amuna anaseka. Linval yekha anali tsinya, nsapato zake zoyera zitafiira ndi dothi.

“Achimwene,” anayamba Icilda, “za pepalali...”

“Icilda, usayambe. Tonse timakukonda, koma pepala limafuna zoona. Chibale ndi fupa.” Anatembenukira kwa Ferdie. “Ndipo mtengo wa mapeyalawu uchoke, mizu idzaswa manda. Si wa munthu uwu, unangomera.”

“Bwana wa ku Ingalande walamula,” anatero Ferdie. “Patseni chikwanje.”

Chikwanje chinalira kamodzi.

“Iwe Ferdie! Ukatemanso, dzenjelo ulowamo ndiwe!”

Anali a Vinette, amene sanatuluke m'chipinda chimwalirireni amuna awo. Anabwera akugogoda ndodo, duku litapendekeka.

“Linval, mtengo wa mlongo wako wakulakwira chiyani?”

“Amayi, wa Beverley ndi mango.”

“Ndimawerenga ana anga bwino, sindinapenge. Bambo ako ankasowa tulo: ‘Vinette, Mulungu wandipatsa mwana wopanda mchombo, ndimubzalira pa chiyani?’ Anadikira miyezi isanu kuti dzino ligwedere. Atalipeza, analikwirira apa m'mamawa, asanapite kukaimba belu.”

Icilda anayang'ana mtengowo. Zaka zonsezi anali kutchola mapeyala amenewo mopempha, ngati mlendo.

“Nanga osandiuza bwanji, Amayi?”

“Aa, sukuwadziwa bambo ako? Ankaopa kuti abusa amva zoti dikoni akukwirira mano kuseri kwa nyumba. Kenaka ankangoti uona wekha, mtengo ukukula. Munthu uja mawu ankasungira Mulungu, ife ankatipatsa zochita.” Analoza pansi ndi ndodo. “Malo ano anasankha okha. Anati, ‘Mudzandigoneke pamthunzi wa Icilda.’ Iwe ukufuna akagone padzuwa?”

Panalibe woseka tsopano. Ferdie anabisa chikwanje kumbuyo, n'kuyamba kusuntha chingwe choyezera kuti manda atalikire mizu pang'ono.

Linval anayang'ana nsapato zake nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja.

“Bweretsa pepala lija, Icilda. Ali ndi cholembera ndani?”

Icilda anamupatsa osayang'ana chimene akulemba. Anagwada, natapa dothi lofiira lonyowa ndi ramu, n'kulimata pabala la mtengowo. Lilime lake linapita lokha pa dzino lakutsogolo. Kumoto kuja msuzi unkasefukira, wina akumuitana, koma kwa nthawi yoyamba tsikulo sanathamangire kulikonse.