Lenzi imene ndinasankhira apongozi

Chithunzi chimene chinandiphera ukwati ndinachiona Lolemba m'mawa, ndili m'kasitudiyo kanga pa Manjawira. Foni inalira. Anali Fyson, mwamuna wanga amene amagwira ntchito ku Joni, ndipo analemba mawu awiri okha: "Zikomo, Nomsa." Pansi pake panali chithunzi. Ine nditavala yunifolomu ya kwaya, maso nditatsinzina, mutu uli pachifuwa cha Redson, wotsogolera kwaya yathu. Dzanja lake likuoneka ngati likundisisita tsitsi.

Mayo ine! Redson? Munthu wonunkha anyezi uja? Tsikulo kunali chikondwerero cha makwaya pabwalo la tchalitchi. Ine ndinali kutsogolo, ndikuimba vesi ndekha, iye ali kumbuyo uko pamasitepe akuwongolera anyamata a besi. Pakati pathu pakanadutsa ngolo ndi ng'ombe zake.

Anajambula ndi Steve wa ku Kandeu, naponya zithunzi zonse pagulu la mpingo la pafoni. Pa zithunzi zonsezo apongozi anga, a Zelesi, anatola chimodzi chokhacho n'kutumizira mwana wawo. Chimene chinandiwawa mpaka m'mafupa n'chakuti iwowo analipo, pabenchi la kutsogolo, atavala zoyera zawo za amayi a mpingo. Anaona ndi maso awo pamene ndinaima ine ndi pamene anaima Redson. Koma anandida kalekale, eti zaka zitatu osawapatsa mdzukulu. Mwamuna ali ku Joni, mimbayo ndikanaitenga pa WhatsApp?

Fyson sanandifunse kanthu. Anandibuloka, natumiza mawu kwa ankhoswe kuti Loweruka la sabata yamawa akumane, ukwati uthe. Kumsika amayi ankakodolana ndikamadutsa.

Ndinapita kwa Steve. Analumbira kuti sanasinthe kalikonse, nandionetsa chithunzicho mu kamera momwe. Anati anaima kutali, pageti, ndi lenzi yake yaitali ija. Nditamupempha kuti akanene zimenezo kwa ankhoswe, anayamba kukanda m'mutu. "Asisi, za m'banja ine ayi. Makasitomala anga ndi omwewo." Wamantha ngati nkhuku yoona kamtema.

Lachitatu ndinakwera minibasi ya ku Limbe. M'chikwama munali kamera yanga, imene Fyson yemweyo ananditumizira, yamakono ija yopanda kagalasi m'kati, yopepuka. Ndinali nayo ndi kalenzi kamodzi kakafupi, ka zithunzi za ziphaso ndi za ana a sukulu. Pashopu yobwereketsa zida zojambulira ndinapeza mtsikana wa magalasi, dzina lake Tisunge.

"Mukufuna kujambula chiyani, amayi? Ukwati? Mpira? Mbalame?"

"Apongozi," ndinatero.

Anavula magalasi. Ndinamupatsa foni, nayang'ana chithunzicho kanthawi, kenako anandifunsa kuti bamboyo anali patali bwanji. Ndinati mapazi makumi awiri, kapena kuposa.

"Si matsenga," anatero. "Wojambula akaima kutali kwambiri n'kukoka ndi lenzi yaitali, mtunda wa pakati pa anthu suoneka. Wakumbuyo amaoneka wamkulu ngati wakutsogolo, ndiye akangokhala mumzere umodzi amakhala ngati akhudzana."

Ndinakhala pampando. Masiku awiri onsewo ndinkangolumbira ngati wamisala, ndipo uyu anali munthu woyamba kundikhulupirira.

Anatulutsa malenzi atatu. Yoyamba inali yoyera, yonenepa, ya mphamvu yokoka 70 mpaka 200. Anati ndiyo imene ojambula maukwati amaifera, chifukwa imatsekuka kwambiri, imamwa kuwala ngakhale m'tchalitchi mwamdima, ndipo imaonetsa mkwatibwi yekha, zakumbuyo zonse mbuu. Ndinainyamula, mtima unaikonda ndithu.

"Koma inu simukufuna zakumbuyo mbuu," anatero Tisunge, akuilanda m'manja mwanga. "Inu mukufuna anthu awiri, onse aoneke bwinobwino. Komanso 200 njaifupi. Mudzayenera kuyandikira, adzakuonani."

Yachiwiri inali chimphona chofika 600, yolemera ngati mwana wa miyezi isanu, yofuna miyendo itatu yoikapo. Ndiime nayo pamsika wa Manjawira, aliyense angati kwabwera a wailesi yakanema. Komanso pakamwa pake sipankagwirizana ndi kamera yanga popanda mphete yolumikizira, ndipo anati mpheteyo imachedwetsa kamera kupeza nkhope.

Yachitatu inali yakuda, ya 100 mpaka 400. Inalowa pakamera yanga kuti khethe, ngati zinabadwira limodzi. Inali ndi kabatani koletsa chithunzi kunjenjemera manja akamanjenjemera. Tisunge ananditulutsa pakhonde. Anandiuza kuti ndikoke mpaka pa 400, ndichepetse kabowo ka kuwala, ndipo ndizijambula dzuwa lili pamutu. Ndinaloza kutsidya kwa msewu. M'kamera, wapolisi wina anaoneka atasenza dengu la nthochi la mayi amene anali kutali naye. Ndinaseka mpaka misozi, koyamba chichokereni Lolemba lija.

"Iyi ndiye ya apongozi," ndinatero, n'kuibwereka kwa masiku khumi ndi awiri.

Masiku otsatira ndinkayeserera pa mbuzi ndi mitengo ya magetsi, mpaka dzanja linazolowera. Ndinkadziwa kuti Lachinayi lililonse apongozi akaweruka kumsonkhano wa amayi amaima pa tebulo la tomato, atavala zoyera zawo kuyambira duku mpaka nsapato. Ndinkadziwanso kuti chakumbuyo kwa tebulolo, kudutsa ogulitsa makala, kuli khonde la shabini kumene a Elson amayamba ntchito yawo m'mawa. A Elson ndi chidakwa chathu cha pa Manjawira. Akaledzera amatambasula manja n'kumaimbira aliyense wodutsa nyimbo zachikondi za ku migodi.

Lachinayi la sabata yotsatira ndinakwera pamulu wa matumba a mbatata ya kachewere kutsidya kwa msewu, n'kugona chafufumimba, chitenje nditafunda. Dzuwa linandiwotcha msana, nyerere zinandilowa paliponse. Apongozi anafika, koma a Elson anali atakhala pansi. A Elson ataimirira, lole inaima pakati. Ndinatukwana chamumtima mawu amene woimba kwaya sayenera kuwadziwa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Apongozi anayamba kutsutsana ndi wa tomato, napendeketsa mutu, natsinzina monga amachitira akafuna mbasela. Nthawi yomweyo a Elson anatambasula manja, milomo atasongola. Ndinasuntha pang'ono kumanzere, awiriwo analowa mumzere, ndinadina. Kenako ndinatsika msangamsanga, ndinathamangira cham'mbali, n'kujambula china ndi foni, choonetsa mtunda wonse ndi matumba a makala ali pakati pawo.

Chisoni? Ndinalibe ngakhale kadontho.

Loweruka tinakhala pakhonde la apongozi. Panali a Hilary, nkhoswe ya kuchimuna, ndi amalume anga. Foni anaiimika pampando, Fyson akuonera ali ku Joni, nkhope ili gwa. A Hilary anayendetsa chithunzi changa ndi Redson kuti aliyense aone. Amalume anaweramitsa mutu.

"Ine sindinena zambiri," anatero apongozi. "Chithunzi sichinama."

"Mwatero, amayi?" ndinafunsa nditagwada. "Sichinama?"

"Wamva."

Ndinatsegula envelopu. Ndinali nditachitsuka chachikulu, chonga kalendala. Ndinapereka kwa a Hilary ndi manja awiri. Anachiyang'ana, anachitalikitsa, anachiyandikizanso, n'kungoti, "Aaa!" Amalume anasuzumira, nagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Munali a Zelesi, zoyera zili mbee, maso atatsinzina, mutu uli pachifuwa cha a Elson, ndipo a Elsonwo milomo atasongola pa duku.

Apongozi anachitsomphola. Anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. "Bodza! Ufiti! Chidakwa chimenechi sindinachiyandikirepo ine! Chinali uko kushabini, ine ndili pa tomato!"

"Patali bwanji, amayi?"

"Kutali! Mapazi makumi awiri!"

"Ngati Redson," ndinatero. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

A Hilary analoza chithunzicho kufoni kuti Fyson aone. Fyson sanathe ngakhale kupuma kamodzi. "Zabodza zimenezo!" anakalipa. "Amayi anga sangachite zotero! Pali chimene chachitika ndi kamera pamenepo!"

Apo ndinatulutsa chithunzi chachiwiri, cham'mbali chija. Ndinatulutsanso lenzi, ndinaimika amalume pa mtondo ndi a Hilary kukhola, n'kupita kukaima kumsewu. Nditabwerera n'kuwaonetsa, madoda awiriwo anali atagundanitsa mphuno ngati atsikana onong'onezana. A Hilary anapukusa mutu, natembenukira kwa apongozi. Anawafunsa ngati pa tsiku la makwaya analipo, komanso ngati anaona pamene Redson anaima. Apongozi anayamba kupinda ngodya ya chithunzi chawo. A Hilary anawafunsanso kachiwiri. Anayankha chapansipansi kuti analipo.

"Basi, mlandu palibe," anatero a Hilary. "Mtengwa wathu ndi wosalakwa. Fyson, pepesa."

"Nomsa, mkazi wanga," anayamba Fyson, mawu atafewa ngati nthochi yakupsa. "Satana anangolowa pakati. Chithunzi chija aliyense chikanamupusitsa."

Ndinanyamula foniyo pampando kuti andione bwino.

"Aliyense, bambo? Cha amayi anu mwachikana musanaone n'komwe chachiwiri. Mwadziwa nokha kuti ndi kamera. Changa munakhala nacho masabata awiri, osandiimbira ngakhale kamodzi kundifunsa kuti Nomsa, n'chiyani ichi."



Ndinabweza foni pampando. Chithunzi cha a Elson ndinawasiyira apongozi, ndinati akachikhome pabalaza, china ndilibe ndipo sindichiponya pagulu la mpingo, ine sindine iwo. Ndinakulunga lenzi m'chitenje, chifukwa Lolemba inkayenera kubwerera ku Limbe.

"A Hilary," ndinatero, "munabwera kudzathetsa ukwati. Musabwerere chabe, pitirizani."