Mizere Yokhota

Amuna anga amalemba mapulogalamu a pakompyuta n'kumawagawa ulele, kuti aliyense atenge, asinthe, agawirenso anzake. Akuti umenewo ndiye ufulu. Akhala akulalikira zimenezi m'misonkhano kwa zaka makumi awiri, ndipo kunyumba kuno ngakhale foni yanga anaiweruza kale kuti ndi ndende, poti mapulogalamu ake saloledwa kusinthidwa.

Chaka chatha maso awo anayamba kuchita mdima. Anakulitsa zilembo, anasintha magalasi kawiri, mpaka dokotala ananena mosapita m'mbali kuti masowo sadzabwereranso mwakale. Ndiye anaika pulogalamu yowerenga mokweza zolembedwa pakompyuta. Inkawawerengera makalata, nkhani, chilichonse. Koma akatsegula pulogalamu yawo yomwe, yolembera mabuku, imene aigwirira ntchito moyo wawo wonse, mawu aja ankangoti zii.

"Ndiyenera kuikonza ndisanasiyiretu kuona," anatero. Panatha masabata atatu osaphula kanthu, chifukwa maso ankatopa ola lisanakwane.

Tsiku lina anandipempha kuti ndifufuze m'makalata akale ngati wina anadandaulapo za vutoli. Ndinapeza kalata ya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Mayi wina, mphunzitsi, anayamba n'kunena kuti ndi wosaona. Vuto lonselo anali atalikonza yekha, ndipo anatumiza ntchito yake, mizere ya malamulo a pakompyuta imene analemba, kuti amuna anga ailowetse m'pulogalamuyo.

"Ndiye ndinawayankha chiyani?" anafunsa amuna anga.

Ndinawawerengera mmene analembera, osachotsapo kanthu: "Mizere yanu sinayambire pofanana. Iwongoleni kaye, kenako mutumizenso."

Mtima wanga unapsa. "Bambo a ufulu inu, mizereyo akanaiona ndi chiyani?"

Patapita nthawi anandipempha kuti ndiwalembere kalata yopepesa, iwo akunena mawu. Tinaifufuta kanayi, chifukwa sanazolowere kupepesa.

Yankho linabwera mawa lake masana.

"Bambo, musadandaule. Mutandibweza ndinatenga pulogalamu yanu n'kupanga yanga, monga chilolezo chanu chimanenera. Ana a m'kalasi mwanga amalembera imeneyo mpaka lero. Tengani, ndi yaulere. Koma mizere ikadali yokhota."

Tinaiika tsiku lomwelo, ndipo inalankhula bwinobwino. Ndi mkwiyo wanga wonse, ndinawamvera chisoni. Amuna anga anatsegula ntchito ya mayi uja, nayandikitsa nkhope pagalasi la kompyuta nthawi yaitali ndithu. Kenako anatembenuka n'kundifunsa ngati mizereyo inali yokhotadi.