Mphepo Imene Tinaika M'manda

Mchimwene wanga Kombong anagwidwa chaka chimene anthu a kuchigwa ankakwera kuno kumapiri a Toraja ndi mfuti, kufuna khofi ndi akapolo. Anali kudambo akusambitsa njati yathu yoweta. Njatiyo inabwerera yokha.

Amayi anadikira mpaka mtima unatopa. Kenako anachita zimene timachita munthu akafera kosadziwika: anakwera paphiri ndi nsalu ya Kombong, naitambasula, ndipo mphepo itadzazamo anaimanga msangamsanga. Tinalira, tinapha nkhumba, mtolo wa mphepowo tinakauika m'phanga la makolo kuthanthwe. Ndinamusowa koopsa, ngakhale anali munthu wondikoka tsitsi tsiku lililonse.

Anatulukira ine ndili kale ndi zidzukulu, amayi atamwalira. Ndinkapeta mpunga pabwalo nditamva mawu kumbuyo.

"Bubun, kupeta sunakuphunzirebe? Nkhuku zako zikunenepa bwanji!"

Lichero linagwa. Mutu wake unali mbuu ndi imvi, chilankhulo chathu chikumupulumuka mkamwa, koma chipongwe chinali chomwe chija. Anatiuza kuti anagulitsidwa kudoko, nalima minda ya eni ake mpaka tsiku limene iye ndi anzake anatentha nkhokwe za mbuye wawo n'kuthawa. Zaka zina zonse anabisala kwa asodzi.

Atati akwere m'nyumba yathu ya pansanja, malume Pong Sesa anatsekereza makwerero ndi ndodo.

"Iwe tinakuika. Ntchafu ya pamaliro ako ndinadya ndine. Wakufa sakwera m'nyumba ya amoyo."

"Ndiye bwezani ntchafuyo, malume," anatero Kombong.

Anthu anaseka, koma ndodo sinasunthe. Ine ndinakalipa mpaka mawu anasasa, poti munthu anali atayenda ulendo wonsewo kuti adzagone pamene anabadwira. Pomaliza malume anagamula kuti tikakolola, nthawi yotsegula manda ndi kuveka akufa nsalu zatsopano, tidzamasule mtolo uja. Mphepo ikadzatuluka, Kombong adzakhalanso wamoyo.

Podikira, ankagona pathandala la pansi pa nkhokwe, pamene timakhazika alendo. Masiku amenewo ndimawakumbukabe. Tinkamwa uchema m'nsungwi, iye akuyang'ana nyumba n'kumafunsa.

"Thabwa lija la pafupi ndi moto limalirabe ukaliponda?"

"Limalira. Ukakwera udzalikonze wekha, waulesi iwe."

"Ndisalikonze. Ndi limene linkauza amayi kuti ndikuba nyama."

Titakolola, tinapita kuthanthwe. Amuna anatsegula chitseko cha phanga, koma pamene tinasiya mtolo panali fumbi lokha. Tinafufuza ponseponse osaupeza. Kenako anatulutsa amayi kuti tiwaveke, ndipo titachotsa nsalu zakale, tinauona. Unali pachifuwa pawo, manja onse awiri ataukumbatira. Mkulu wokulunga maliro anaweramitsa mutu n'kunena kuti amayi asanatsirizike anachita kumupempha okha kuti adzawakulunge ndi mtolowo.

Manjawo anali atauma gwa, ngati mizu ya mtengo. Kuti mtolo uchoke, zala zinayenera kuthyoka.

Ngakhale malume anagwetsa misozi. "Kokani pang'onopang'ono," anatero. "Mlongo wanga amvetsa."

Ndinatambasula dzanja, koma Kombong analigwira.

"Achimwene, nanga nyumba?" ndinafunsa ndikulira. "Mufera panja ngati mlendo?"

Anagwada, nayang'anitsitsa nsalu imene ankavala ali mnyamata.

"Anandilanda kwa iwo kamodzi," anatero. "Kawiri ayi. Asiyeni ndi mwana wawo."

Anatenga nsalu yatsopano n'kuwakulunga yekha, amayi ndi mtolo pamodzi. Ndinamukwiyira mwezi wathunthu, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anakhoza. Anakhala nafe zaka zambiri ndithu, ine ndikumutsitsira mpunga kunkhokwe m'mawa ndi madzulo, koma m'nyumba imene anabadwiramo sanapondemonso.