Denga la Nsalu Youma ndi Chisanu

Odile Beaudry anali pabwalo loimika magalimoto, akuwaza madzi pa nsalu imene anaimangirira pa mitengo inayi, pamene bwana wake Kowalchuk anatulukira atavala shati yokha, mano akugwedera. Chisanu cha ku Winnipeg mu Januwale sichidziwa kuti uyu ndi bwana.

Komiti ya katauni kena inali itafika kale mu ofesi kudzasankha denga la holo yawo yosewereramo hoke, masewera othamangitsana ndi ndodo pamadzi oundana. Kowalchuk ankafuna denga lafulati, nsanamira zisanu ndi imodzi pakati. Odile, injiniya wa zaka makumi atatu pantchitoyo, ankafuna la simenti, lopyapyala ngati chigoba cha dzira, lopanda nsanamira ndi imodzi yomwe. Njira yake inali yakale: nsalu yonyowa imalendewera mmene kulemera kukuikokera, ikauma ndi chisanu n'kuitembenuza, maonekedwe a denga ndi omwewo.

Kowalchuk anati alendo akuseka, akuti kampani yayamba kuchapa zovala. Chinsanzacho achichotse, kapena ngati wakakamira, achilowetse m'chipinda.

"M'katimo mukutentha, bwana. Mukufuna chisungunuke pamaso pawo kuti museke bwino? Wofuna kuona avale jekete."

"Mukapanda kulowa, ntchitoyi ndipatsa wina."

"Mpatseni. Nsanamira pakati pa bwalo? Ana akaguluka mano mukawabwezera ndinu? Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ine sindilowa."

Odile anamupatsa msana. Mantha analipo, tisanamizane. Pamsinkhu umenewo ntchito satola pamsewu. Koma anapitiriza kuwaza mpaka nsalu inauma gwa, n'kuimasula, n'kuitembenuza yekha akubuula. Inaima pa ngodya zake zinayi.

Woyamba kutuluka anali wapampando wa komiti, Mayi Thiessen, mlimi wa nkhumba wathupi ndithu, munthu wosakhulupirira za papepala. Anazungulira chinsalucho, anachigogoda ndi chibakera, kenaka osapempha n'komwe, anakhalapo ndi thupi lonse. Odile anatsinzina. Atatsegula maso anapeza mayiwo ali pamwamba, miyendo ikulendewera.

Mayi Thiessen anakodola anzawo pawindo, ndipo onse anatuluka akumanga mabatani. Kowalchuk anayamba kufotokoza za nsanamira zake zachitsulo, koma Mayi Thiessen anamudula pakamwa.

"Ife tikufuna denga ili, ndipo wotimangira ndi mayiyu. Ngati mwamuchotsa, tiuzeni kumene akupita, timutsatire."

Kowalchuk analowa kukatenga jekete.