Miyendo ya Ennie

Ennie ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde la sitolo ina mu Mosi-oa-Tunya Road, mumzinda wa Livingstone. Mu Okutobala wa 1993, dzuwa likuswa mtengo, diso lake lamanzere linayamba kuona chimbuuzi. Kenako mwendo wopondera makina unachita dzanzi. Tsiku lina potsika pakhondepo anagwa chafufumimba, odutsa n'kumaseka kuti mayiyu walawira kumwa.

Kuchipatala anamuyeza malungo, osawapeza. Mwamuna wake Clement, makaniko wa mtima wapachala, anapita kwa sing'anga. Kumeneko anamuuza kuti wachita zimenezi ndi munthu amene amatunga naye madzi pampopi umodzi.

Ku Nakatindi kumene ankakhala, mpopi ankagawana ndi Ba Mubiana, mkulu wa mtundu wa Alozi wopuma ntchito ya njanji, yemwe ankakhala yekha.

Lamlungu masana Clement anawapeza akuthirira repu kuseri kwa nyumba.

"Ba Mubiana, mwamuchita chani mukazi wanga?"

"Ni chani, mwana wanga? Akali kudwala?"

Clement anali ndi sipanala m'manja. Koyamba anawamenya pamkono umene anadzitchinjiriza nawo, fupa n'kumveka kuti thyo! Kachiwiri inagwera pakhutu. Mkuluyo anagwa m'matope, magazi akutsikira m'khosi, ndipo Clement anapitiriza ndi nsapato, m'nthiti, m'mimba, akukuwa kuti, "Masulani! Masulani!" Ennie anatuluka chokwawa n'kudzigwetsa pamwamba pa Ba Mubiana. Theche lomaliza linamupeza iyeyo pamsana.

Apolisi anamusunga Clement, koma anamutulutsa chifukwa Ba Mubiana anakana kumusumira, poopa anthu. Posapita nthawi mvula inayamba, kunja kunazizira, ndipo Ennie anadzuka n'kuyenda. Diso linayera. Anthu anati basi, umboni ndi umenewu. Anagenda mawindo a mkulu uja, anatentha khola lake la nkhuku, mpaka mwana wake Sepiso anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Senanga. Ngakhale Ennie, mumtima mwake, anayamba kukhulupirira.

Mu 1995 matenda anabweranso, tsopano miyendo yonse iwiri. Mkodzo unkangotuluka wokha. Clement anayamba kuyang'ana mwaukali mayi wina wogulitsa makala.

"Mukamenyanso munthu, nipita kwathu ku Katete," anatero Ennie. "Nipelekeni ku Lusaka."

Kumeneko dokotala wina, Ba Mweemba, anamufunsa mbiri yonse, anamugogoda m'mawondo, anamuunika m'maso, n'kumutenga madzi a pamsana. Kenako anawaitana onse awiri.

"Zizindikiro zikuloza matenda otchedwa multiple sclerosis. Kuno ndi osowa. Ba Clement, mumadziwa waya wa galimoto akasupuka pulasitiki? Minyewa nayo ili ndi chokutira chake. Chitetezo cha m'thupi mwa akazi anu chasokonekera, chikudya chokutiracho."

"Nanga anachisokoneza ni ndani?"

"Palibe munthu. Chenicheni sitikuchidziwa. Mwina magazi akumtundu amathandizira, mwina kachilombo kamene anadwalapo kalekale. Ena amadwala, n'kupeza bwino, n'kudwalanso, ngati mayiwa, ndipo pakapita zaka zimatha kumangoipirabe. Ena zimangoipira kuchokera pachiyambi. Kukatentha, zizindikiro zimakula."

"Ndiye kuchira kuja..." Clement sanamalize.

"Akanachira ndithu, ngakhale mukanangokhala."

Anabwerera pa basi. Atafika, Clement anasiya Ennie m'manja mwa mng'ono wake wa mayiyo, iye n'kuuyamba wa ku Senanga.

Sepiso anamuzindikira ali patali. Anasiya mtondo n'kumuchingamira ndi munsi.

"Mwabwela kusiliza?"

"Nabwela kupepesa, ba sisi."

Munsi unamupeza pakamwa. Mano awiri anagwa mumchenga. Clement anagwada osatchinga, wachiwiri n'kumugwera paphewa. Anthu anathamanga kudzamugwira Sepiso, yemwe tsopano ankalira mokweza. Pakhomo panaima Ba Mubiana, mkono utapindika, mutu atapendeketsa kuti amve ndi khutu lotsala. Anamuyang'ana Clement kwa kanthawi, n'kulowa m'nyumba, kutseka chitseko.

Clement anabwerera ku Livingstone milomo itatupa. Lamlungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi n'kunena pamaso pa onse kuti Ba Mubiana si mfiti. Ena anagwedeza mutu, ena anang'ung'udza kuti madokotala sadziwa za kuno.

Ennie anayendanso chaka chimenecho, koma ndi ndodo. Pofika 1999 anali pa njinga ya olumala, imene Clement anawotcherera yekha kugalaja.