Mipukutu Itatu ya M'khola Lofiira

Pa fakitale yopanga mapiko a ndege ku Kakamigahara, mpukutu wa nsalu ya kaboni sunkatuluka m'chipinda chozizira popanda chidindo cha Mayi Fujie Kuwabara, oyang'anira sitolo ya zipangizo. Nsaluyi njovuta ngati nyama yaiwisi: ikakhala panja kupitirira maola ake yatha ntchito, ndipo imatsekeredwa m'khola lofiira kudikira kutayidwa. Zaka makumi awiri ndi zitatu mayiwa akudinda, amisiri akuwanena kuti ngouma mtima. Iwo zinalibe nawo ntchito. Ulemu wawo wonse unali pa chidindocho.

Tsiku lina anaweruka masana kuti akakhale nawo pa mwambo wokumbukira malemu bambo awo ku Gujo. Makiyi anasiyira a Shigeo Tomita, oyang'anira shifiti, mnzawo amene analembedwa naye ntchito chaka chimodzi. Pa makiyiwo panalinso kiyi ya dilowa la chidindo. Lamulo limaletsa zimenezo, koma kwa a Tomita ndani akanaganiza kawiri?

Patapita milungu itatu, phiko lina linakanidwa poliyeza, nsalu mkati sinagwirane. Potsata mapepala anapeza kuti mipukutu itatu inatuluka m'khola lofiira, chidindo cha a Kuwabara chili psuu, tsiku lake lomwe lija anaweruka masana.

Lachitatu a Tomita anawatsatira kuseri kwa mashelefu a mabawuti, thukuta lili kamukamu. Anati ntchito inali itaima, mabwana ali pakhosi, ndipo nsaluyo inali itangopitirira ndi maola asanu okha.

“Achemwali, ine akadziwa kuti ndinagwira chidindo cha mwini, ndapita. Inuyo angokukalipirani basi. Ndipulumutseni.”

Mayiwa anapsa mtima. Koma anakumbukira akazi a Tomita, amene katatu pa mlungu amakatsukitsa impso kuchipatala, ndipo anavomera.

Lachisanu, pamaso pa bwana wa zaubwino wa katundu, a Ogiso, a Tomita ali pomwepo, a Kuwabara anawerama mpaka msana kuwawa. Anati anawerenga maola molakwika, cholakwa nchawo okha.

A Ogiso anagwedeza mutu, nati zikugwirizana ndi kalata imene a Tomita anapereka Lolemba. Anaiwerenga mokweza. Munali mawu akuti a Tomitawo anawachenjeza a Kuwabara kawiri konse za mipukutuyo koma sanamvere, kuti masiku ano mayiwa akuiwalaiwala, ndi kuti kukanakhala bwino atawachotsa ku sitolo zisanafike poipa.

Lolemba. Pamene munthuyu ankalira kuseri kwa mashelefu, n'kuti atawagulitsa kale masiku awiri apitawo. Zinawapweteka a Kuwabara kuposa maliro a bambo awo. Anatsegula pakamwa kuti aulule, koma akanati chiyani? Kuti angonama kumene, ndipo kiyi anaisiya m'manja mwa wina? Anayang'ana a Tomita. Iwo maso anali pa kapu yawo ya tiyi.

A Ogiso analamula kuti chidindo cha a Kuwabara chilandidwe. Chidindo cholandidwa sichisungidwa. Anachimanga pa vayisi yopanira zitsulo, mmisiri nkuchipala ndi tupa mpaka dzina kufafanizika, mwiniwake ataima pomwepo. A Ogiso anati fomu yake ikufuna mboni, nayang'ana uku ndi uku.

“A Tomita, inu ndinu amene mumawadziwa bwino mayiwa. Dindani apa.”

A Tomita anatulutsa chidindo chawo m'thumba la malaya, nachiwongola bwinobwino kuti chisapendame, nkudinda.